Bwanji mankhwala opha udzu sapha mbewu zina?

FUNSO: Ndimamva kuti pali soya amene safota ngakhale atathiridwa mankhwala opha udzu, pamene soya wamba amauma. Kodi kusiyana kwake kuli pati?

YANKHO: Mwafunsa bwino, ndipo yankho lagona m'maselo a chomera. Mankhwala a glyphosate akalowa kudzera m'masamba amatsekereza enzaimu (chinthu chothandiza kuti ntchito za m'maselo zichitike) yotchedwa EPSPS, imene chomera chimadalira popanga ma amino acid (tizidutswa topangira mapuloteni) atatu, omwe ndi phenylalanine, tyrosine ndi tryptophan. Popanda atatuwa chomera sichingapange mapuloteni, motero chimasiya kukula, chimachita chikasu kenaka n'kuuma. Soya wosinthidwa chibadwa, amene anayamba kulimidwa mu 1996, anapatsidwa jini (kachidutswa ka malangizo a chibadwa) ya bakiteriya wa Agrobacterium yopanga EPSPS ya mtundu wina imene glyphosate sangaigwire.

Chimene tikufuna muchimvetse bwino n'chakuti soyayu sapulumuka chifukwa chowononga mankhwalawo, amangowapirira. Glyphosate amayenda m'thupi mwake mpaka kumizu, kumene angafooketse kwa kanthawi mabakiteriya opatsa soya nayitirojeni, poti enzaimu yawo siinasinthidwe, ndipo glyphosate wina pang'ono amatha kutsalira m'nyemba.

Glufosinate, mankhwala enanso opha udzu, amapha mwa njira ina. Iye amatsekereza enzaimu ya glutamine synthetase, zimene zimachititsa kuti ammonia aunjikane m'masamba, koma mbewu zokhala ndi enzaimu ya PAT zimamusandutsa chinthu chopanda ululu. Chimanga wamba nachonso chimachita zofananako mwachibadwa, pakuti chimasukulutsa atrazine, mankhwala enanso opha udzu, pomuphatikiza ndi glutathione, chinthu chopezeka m'maselo ake, n'chifukwa chake amathiridwa m'munda wa chimanga osachipweteka.