N'chifukwa chiyani kashiamu wa mu modelo yanga sakupanga funde?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa wowerenga wina amene amaphunzira masamu ndipo wangoyamba kumene kuchita chidwi ndi maselo. Funso lake linali lakuti: "Ndalemba pulogalamu ya pakompyuta yotsanzira mmene kashiamu amafalikira m'kati mwa selo. Ndinathira kashiamu wambiri mbali imodzi poyembekezera kuti funde liwoloka selo yonse, koma iye akungomwazikana, kuchepa, n'kutheratu. Ndalakwitsa pati?"

Mnzanga, pulogalamu yanu yachita ndendende zimene munaiuza. Munaiuza za kumwazikana kokha, ndipo kumwazikana pakokha sikungabale funde.

Tiwerengere limodzi. Chinthu chikamangomwazikana, mtunda ukawirikiza kakhumi nthawi imawirikiza ka 100. Mu 1992, Allbritton, Meyer ndi Stryer anayeza mmene kashiamu amamwazikira m'madzi a m'dzira la chule wotchedwa Xenopus, ndipo anapeza pakati pa 13 ndi 65 maikulomita sikweya pa sekondi (maikulomita 1,000 amapanga milimita imodzi). Nambala ya kumwazikana imeneyi tiitche D, ndipo titenge 20; nthawi yofunika ndi mtunda sikweya kugawa ndi D kuchulukitsa kawiri. Kuti kashiamu ayende maikulomita 10 pafunika masekondi awiri ndi theka, zomwe n'zabwinobwino. Koma kuti awoloke milimita imodzi pafunika masekondi 25,000, pafupifupi maola 7. Chonsecho mu 1978 Gilkey, Jaffe ndi anzawo anaona funde la kashiamu likuwoloka dzira la nsomba yotchedwa medaka, lalikulu pafupifupi milimita imodzi, m'mphindi ziwiri zokha, kuyambira pomwe umuna unalowera. Anagwiritsa ntchito aequorin, puloteni amene amawala akakhudzana ndi kashiamu.

Ndiye kuti kashiamu amene anawala kutsidya kwa dziralo sanachokere pomwe funde linayambira. Anali komweko kale, atatsekeredwa. Zili ngati moto wa pa udzu wouma: lawi limene mukuliona kumapeto kwa tchire si lija munayatsa, koma phesi lililonse layatsa linzake.

Udzu wa selo uli mu endoplasmic reticulum, timatumba ta m'kati mwa selo tosungira kashiamu, imene ambiri amangoitchula ER. Mmenemo kashiamu ndi wochuluka kuwirikiza masauzande poyerekeza ndi m'madzi a selo, momwe amakhala pafupifupi 100 nM (nanomola, muyezo waung'ono kwambiri) basi selo ikapuma. Pakhoma la ER pali timakomo ta mitundu iwiri, IP3 receptor (imene imafunanso IP3, kamolekyu konyamula uthenga m'selo, kuti itseguke) ndi ryanodine receptor. Chodabwitsa chake n'chakuti kashiamu yemweyo ndiye amatsegula timakomoti. Pang'ono akafika pa kakhomo koyandikana, kamatseguka n'kutulutsa wambiri, ndipo iyeyo amakatsegula kotsatira. Ntchito ya kumwazikana ndi kungowolotsa uthenga pa kamtunda kakafupi pakati pa kakhomo ndi kanzake.

Musathamangire kungowonjezera kutulutsako, chifukwa selo yanu idzadzaza ndi kashiamu n'kukhala choncho mpaka kalekale. Pakufunika zinthu zina ziwiri. China ndi mapampu a SERCA, amene amabwezera kashiamu mu ER. Chinacho ndi chimene ine chimandisangalatsa kwambiri pa nkhani yonseyi. Mu 1991, Bezprozvanny, Watras ndi Ehrlich anaonetsa kuti IP3 receptor imatseguka kwambiri kashiamu akakwera pang'ono, koma akapitirira muyezo imatsekanso. Chinsinsi chagona pa nthawi: kutseguka kumachitika msanga, kutseka kumabwera mochedwa. Mpata umenewo ndi umene umapatsa funde mutu wakuthwa, ndipo kumbuyo kwake kumatsala chigawo chimene sichingayakenso kwa kanthawi, monga malo amene moto wadutsa kale.

De Young ndi Keizer analemba zimenezi m'masamu mu 1992, chigawo chilichonse cha kakhomo chili ndi mikhalidwe 8. Mu 1994 Li ndi Rinzel anaifupikitsa modeloyo kutsala zinthu ziwiri zosintha: kuchuluka kwa kashiamu, ndi gawo la timakomo timene sitinatsekedwe. Ine ndingakulangizeni kuyambira pa ya Li ndi Rinzel. Iyeseni kaye popanda mtunda uliwonse, muone kashiamu akukwera ndi kutsika mukamasintha IP3. Zikatheka, wonjezerani kumwazikana kwanu kuja pa kashiamu yekha. Timakomo sitiyenda, choncho musatipatse kumwazikana.

Pali misampha iwiri imene imakola ambiri. Kashiamu wochuluka amene walowa m'madzi a selo amagwidwa nthawi yomweyo ndi mapuloteni, ndipo womasuka amatsala wochepa kwambiri. Mukagwiritsa ntchito D ya kashiamu womasuka, imene imapitirira 200 maikulomita sikweya pa sekondi, funde lanu lithamanga mopyola. Ngakhale utoto wowala umene asayansi amaonera kashiamu, monga fura-2, nawonso umamugwira, kotero kuyeza komweko kumasintha funde. Msampha wina ndi wa pakompyuta: ngati mukuwerenga m'njira yosavuta yopeza sitepe iliyonse kuchokera pa sitepe yapitayo, sitepe ya nthawi isapose dx² kugawa ndi D kuchulukitsa kawiri (dx ndi sitepe ya mtunda), apo ayi manambala aphulika ndipo mudzaganiza kuti mwapeza zachilendo.

Ikayamba kuyenda, kumbukirani kuti modeloyi ikuganiza kuti timakomo tafalikira mofanana paliponse. Mu selo yeniyeni timakhala m'timagulu totalikirana maikulomita ochepa, ndipo kagulu kamodzi kamatha kuphulika kokha mwangozi. M'maselo a mtima kuphulika kotere anakutcha "sparks" Cheng, Lederer ndi Cannell mu 1993, ndipo kwa IP3 kumatchedwa "puffs". IP3 akachepa, funde limadumpha kuchoka pa kagulu kupita pa kena, nthawi zina n'kufera panjira. Keizer ndi anzake anapanga modelo ya fire-diffuse-fire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pofuna kufotokoza zimenezi, ndipo ndi yosavuta kulemba.

Kuti mudziwe ngati funde lanu ndi lenileni, yatsani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Mafunde awiriwo akakumana pakati ayenera kuzimitsana, osadutsana, chifukwa lililonse lapeza timakomo totsekedwa kutsogolo kwake. Kenako sinthani modelo kuchoka pa mzere kupita pa bwalo lokhala ndi m'litali ndi m'lifupi, mudule funde limodzi pakati. Nsonga yodukayo ipindika n'kuyamba kuzungulira ngati chigoba cha nkhono, zomwe Lechleiter, Clapham ndi anzawo anajambula m'dzira la Xenopus mu 1991. Mukafika pamenepo munditumizire chithunzi, ndikufunitsitsa kuchiona.