Kodi chithunzi cha setilaiti chokonzedwa ndi kompyuta chingathetse mkangano wa malire?

Bambo wina wa ku Dedza wanditumizira imelo. Akulimbirana malire a munda ndi aneba awo, ndipo amva kuti mapulogalamu a pakompyuta ophunzira kuchokera ku zitsanzo zambiri (deep learning) amatenga chithunzi cha setilaiti chosaoneka bwino n'kuchiwalitsa. Akufunsa ngati angapite nacho kwa amfumu monga umboni.

Bambo, musapite nacho kubwalo chithunzi chimenecho.

Zithunzi zaulere zomwe ambirife timadalira ndi za Sentinel-2, setilaiti za ku Ulaya zimene yoyamba inakwezedwa mu 2015. Kadontho kamodzi pachithunzipo kamaimira malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Kanjira kapena mzere wa vetiva wolekanitsa minda yanu sukwana n'komwe mita imodzi, ndiye umangomira m'kadonthoko. Setilaiti ina yotchedwa WorldView-3 imaona zinthu za masentimita pafupifupi 30, koma zithunzi zake n'zogula, ndipo si ndalama yamasewera.

Pulogalamu yowalitsa zithunziyo amaiphunzitsa poionetsa zithunzi zambirimbiri ziwiriziwiri za malo amodzi, china chosaoneka bwino, china chooneka bwino, mpaka izolowere. Njira yotchedwa SRCNN inatuluka mu 2014, kenako kunabwera zina monga ESRGAN mu 2018, zotulutsa zithunzi zokongola kwabasi. Vuto lagona pakukongolapo. Pulogalamuyo sinaone munda wanu. Imajambula chimene chimakonda kupezeka pamalo ooneka choncho. Ngati inaphunzira pa minda ya ku America, ikhoza kuwongola malire okhota, kapena kuika denga pomwe pali chulu. Ndipo imajambula mosakayika, moti munthu sungadziwe pomwe yapeka.

Pali njira ina imene ine ndimaikhulupirirako. Sentinel-2 imadutsa pamalo amodzi masiku 5 alionse, ndipo ulendo uliwonse timadontho timagwa mosiyana pang'ono. Mukaphatikiza zithunzi zingapo, pamatuluka zinthu zenizeni zomwe chithunzi chimodzi chinabisa. Bungwe la ku Ulaya loona za mlengalenga la ESA linachititsapo mpikisano wotere ndi zithunzi za setilaiti ya PROBA-V, kuchoka pa mamita 300 kufika pa 100. Taonani: katatu kokha. Komanso dzinja, mbewu zili m'munda, mitambo imaphimba zithunzi zambiri.

Pa ntchito zazikulu, monga kuyerekeza kukula kwa minda ya chimanga m'boma lonse kapena kuona komwe madzi anafika ku Nsanje pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, kulakwitsa ndi mamita ochepa sikupweteka munthu. Pa munda wanu, mamita awiri ndi mizere iwiri ya chimanga. Pitani ku ofesi yoona za malo kuboma mukapemphe woyeza malo abwere ndi zida zake, ndipo akuluakulu amene analipo pogawa mundawo akhalepo tsiku loyezalo.