Kodi Goodman Brown anaonadi afiti m'nkhalango muja?

Mwandilembera pa imelo kufunsa ngati Goodman Brown, mnyamata amene anapita kunkhalango usiku m'nkhani yopeka ya Nathaniel Hawthorne ya 1835 yotchedwa "Young Goodman Brown", anafikadi pamsonkhano wa afiti kapena ankalota, komanso ngati wolembayo akuti aliyense ndi woipa kumtima. Zikomo, mwafunsa pamene pagona nkhani.

Yambani ndi chiphunzitso. Apuritani, Akhristu okhwimitsa malamulo a ku New England ku America, omwe ndi anthu a m'nkhaniyi, ankakhulupirira kuti Adamu atagwa, mbumba yake yonse inagwa naye, moti khanda limabadwa lili lochimwa kale. Ana ankaloweza zimenezi pophunzira chilembo A. Choncho Brown ankadziwa kale za uchimo wobadwa nawo. Chomwe sankayembekezera n'kuupeza mwa Goody Cloyse, gogo amene anamuphunzitsa katekisimu.

Kenako tengani pensulo, mulembe padera zimene Brown anaona ndi maso, padera zimene anangomva. Gogo uja anamuona akucheza ndi mwamuna wa ndodo yonga njoka amene Brown anakumana naye m'nkhalangomo. Koma panjira paja abusa ndi Dikoni Gookin anangomva mawu awo ndi mgugu wa akavalo, osaona ngakhale chithunzithunzi. Kariboni kapinki ka mkazi wake Faith kanagwa kuchokera kumwamba n'kukodwa panthambi, koma kutacha Faith anamuchingamira maliboni ali kumutu.

Umboni wotere ndi umene unapha anthu ku Salem, kwawo kwa Brown, mu 1692. Khoti linkavomereza munthu kunena kuti mzimu wa uje unabwera kudzamuzunza, ndipo anthu 19 ananyongedwa. Mmodzi mwa oweruza anali John Hathorne, kholo lamakedzana la wolembayu. N'chifukwa chake ndikuti Hawthorne anasiya dala funso la malotolo losayankhidwa: akufuna muone munthu akuweruza mudzi wonse ndi umboni wosagwirika.

Ambiri amaphonya polemba kuti Brown anatulukira choonadi. Amaiwala kuti kunkhalangoko anapita ndi miyendo yake, atasiya mkazi amene anali atakhala naye miyezi itatu yokha akumuchonderera kuti agone pakhomo. Chiphunzitso chinkati onse anachimwa. Iye anachotsapo dzina lake. Ine mbali imene imandipweteka ndi ya m'mawa uja. Akupeza kamtsikana kakuphunzira katekisimu kwa gogo uja, akukatsomphola ngati akukalanditsa kwa mdyerekezi. Akukumana ndi Faith akubwera mosangalala, akumuyang'ana mwaukali n'kudutsa osapereka moni.

Anakhala choncho mpaka kukalamba, mpingo ukamaimba iye osamva nyimbo. Atamwalira, ana ndi adzukulu anamuperekeza ambiri ndithu, koma pamwala wa pamanda ake sanalembepo vesi lililonse la chiyembekezo.