Penti woletsa ayisi: yankho kwa bambo a golosale pa Lizulu

Bambo ena a golosale pa Lizulu andilembera imelo. Akuti filiji yawo yosungiramo nkhuku imachita ayisi mpaka chivundikiro kukana kutsekeka, ndiye anamva kuti kunja kuli penti woletsa ayisi. Funso lawo: alipodi, nanga angamupake m'filijimo?

Alipo bambo, koma ndalama yanu isapite kumeneko.

Tiyambire pamsika panu pomwepo. Donthezani madzi patsamba la kabichi, muona akugubuduzika, tsamba osanyowa. Pamwamba pake pali phula lokhala ndi tizitunda tosaoneka ndi maso, ndipo dontho limangotsamira pansonga, pansi pake pali mpweya. Mu 1997, Wilhelm Barthlott wa ku Germany ndi mnzake anafotokoza bwino zimenezi pa tsamba la duwa la m'madzi lotchedwa lotus. Mainjiniya anati basi tapeza: madzi akalephera kukhazikika, ayisi achokera kuti?

Anaiwala chisanu. Ife a kuno tikuchidziwa, chija chimayeretsa madambo a ku Dedza m'mamawa mu June ndi July. Sichibwera ngati dontho ayi. Ndi chinyezi cha mumpweya, chimalowa m'mipata ya tizitunda tija n'kuundana momwemo. Zikatero ayisi wamera mizu, ndipo kawirikawiri amakakamira kuposa pachitsulo chosalala.

Mu 2011, gulu la Joanna Aizenberg ku yunivesite ya Harvard ku America linabwera ndi nzeru ina yotchedwa SLIPS, potengera chomera cha Nepenthes chomwe chimakola tizilombo ndi mlomo wake woterera. Iwo amamwetsa mafuta m'timabowo ta pamwamba pa chinthu chomwe akuchiteteza, ayisi n'kumangotsetsereka. Nzeru yabwino ndithu. Koma ayisi akamachoka amapita ndi mafuta pang'onopang'ono, mapeto ake pouma.

Ofuna kwambiri kafukufukuyu ndi a ndege. M'mitambo madzi amatha kukhala osaundana mpaka pafupifupi madigiri 40 pansi pa ziro, koma akangogunda phiko, amaundana gwa! Mu 2009, ndege ya Air France yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris inagwera m'nyanja, anthu 228 n'kufa, ndipo vuto linayamba pomwe ayisi anatseka timapaipi toyezera liwiro. Ku Cleveland ku America, pamalo omwe tsopano ndi a NASA, bungwe lofufuza za ndege ndi zamlengalenga, akhala akuyesa za ayisi kuyambira 1944, komabe mpaka lero ndege zimadalira mpweya wotentha wa mu injini, mahita a magetsi ndi mankhwala osungunula ayisi otchedwa glycol. Penti payekha sanamukhulupirirebe.

Tsono filiji yanuyo. Ayisi wake ndi chinyezi cholowa mukatsekula, kapena chodutsa pa labala wa chivundikiro ngati watha. Panikizani pepala pamenepo n'kulikoka: likasololoka mosavuta, gulani labala wina. Ayisi akachuluka, zimitsani, ikanimo beseni la madzi otentha, dikirani agwe yekha. Chonde mpeni ayi. Mukabowola paipi ya gasi, nkhuku zonsezo mugulitsa motchipa tsiku lomwelo.