Monte-Cristo wa pa kanema ndi wa m'buku: bwanji mathero akusiyana?

FUNSO: Akonzi, ndinaonera sewero la pa kanema la magawo 4 lotchedwa Le Comte de Monte-Cristo, momwe Gérard Depardieu akusewera ngati Edmond Dantès. Alamu anga, amene anawerenga bukulo, akuti mathero amene ndinaonawo si a m'buku. Kodi opanga masewero amaloledwa kusintha nkhani chonchi? Nanga zovala zija n'zoonadi za nthawi imeneyo?
Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Alamu anuwo sakunama. Sewero munaonalo linatuluka mu 1998 pa kanema ya TF1 ku France, ndipo anaongolera ndi mayi Josée Dayan. Limatha Dantès atabwererana ndi Mercédès, bwenzi lake lija analekana nalo tsiku la phwando la chinkhoswe ku Marseille mu 1815. M'buku la Alexandre Dumas sizitero ayi. Mercédès, amene anakwatiwa ndi Fernand, mmodzi mwa omwe anamupereka Dantès, amatsala yekha ku Marseille, ndipo Dantès amachoka pa ngalawa ndi Haydée, mwana wamkazi wa Ali Pasha, yemwe anali wolamulira wa ku Janina.

Kunena za chilolezo, palibe angawaletse, popeza Dumas anamwalira mu 1870 ndipo umwini wa mabuku ake unatha kalekale. Komabe ine kusinthaku kumandiwawa, chifukwa Dumas anafuna kuti tione kuti zaka 14 zimene Dantès, munthu wosalakwa, anakhala m'ndende ya Château d'If sizingabwezedwe, ngakhale ndi chuma chonse chimene Abbé Faria, mkaidi mnzake, anamulozera. Kubwezeretsa Mercédès m'manja mwake kumatonthoza woonera, koma kumafafaniza chipsera chimene nkhaniyo inamangidwapo.

Pamene kanema imachita bwino ndi pa kagawidwe ka nkhani. Bukuli linayamba kutuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya Journal des débats kuchokera mu 1844 mpaka mu 1846, choncho Dumas ankadula gawo lililonse pamalo posiya wowerenga m'malere, monga momwe sewero la magawo limachitira lero.

Pa zovala, mukadzaonanso sewero lililonse la nkhaniyi, muyang'anitsitse madiresi a amayi. Cha m'ma 1815 chiuno cha diresi chinkasokedwa m'mwamba, pansi penipeni pa chifuwa, nsalu n'kumagwa molunjika mpaka kumapazi. Pofika mu 1838, pamene Dantès akulowa mu Paris ali ndi dzina latsopano la Monte-Cristo, chiuno chinali chitatsika n'kumamangidwa mothina, siketi ili yotambalala, abambo a ndalama atavala zipewa zazitali ndi majekete a mchira. Wosoka wodziwa ntchito yake amakuuzani ndi nsalu yokha kuti papita zaka 23, wosewera asanatsegule n'komwe pakamwa.