Za nsomba ya Tadala ija, azakhali

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko ku Chitakale? Uthenga wanu ndaumva, chithunzi cha nsomba ya Tadala ndachionanso. Ndati ndingolankhula, chifukwa zoti ndinene ndi zambiri. Mwafunsa kuti zipsepse zake zikung'ambikiranji, nanga mugule mankhwala anji. Ine ndikuti za mankhwala mudikire kaye. Pachithunzipo chimene chandidetsa nkhawa ndi madzi. Nsombayo ili m'botolo la mayonezi, madzi ake sakukwana ngakhale malita 2, ndiye ndi kuzizira kwa mwezi unowu, nsomba ya mtundu wa betta singalimbe.

Mawa kukacha muitengere powala, muyang'anitsitse m'mphepete mwa chipsepse cha kumchirako. Ngati changong'ambika mzere wowongoka, mtundu wake uli bwinobwino, ndiye kuti chinakodwa penapake. Kaduwa kapulasitiki kobiriwira kali m'botolomo ndikukakayikira kwambiri. Mukachotse, mukapitsepo nsalu yopyapyala, ikakodwa mudziwe kuti chipsepsenso chikumakodwa. Koma ngati m'mphepetemo mwada, kapena mwafiira, ndipo chipsepse chikunka chifupika tsiku ndi tsiku ngati pepala lopsa m'mbali, amenewo ndi matenda oola zipsepse. Ine mmene ndakulitsira chithunzicho ndikuona kuda kumeneko chakumunsi. Amayambitsa ndi mabakiteriya amene amakhalamo kale m'madzi, koma amapeza mpata nsomba ikafooka. Pali mtundu wina wa betta wotchedwa crowntail umene zipsepse zake zimakhala zosongoka mwachibadwa, anthu ena amaiyesa yodwala, koma ya Tadalayi si imeneyo, poti munanena nokha kuti pobwera mchira unali wathunthu.

Tsono chimene chimafooketsa nsomba ndi ichi. Ndowe zake ndi zakudya zotsala zikamaola zimatulutsa amoniya, ndipo amoniyayo amawotcha khungu, zipsepse ndi ziwalo zopumira. Vuto lake saoneka ndi maso. Madzi akhoza kukhala oyera mbee, inu n'kumati ali bwino, pamene nsomba ikupsa. M'kabotolo kakang'ono chonchi amadzaza msanga kwambiri. Ndiye choyamba, ipezereni malo okulirapo, malita 15 kapena 20. Ngati thanki yagalasi yakwera mtengo, chibokosi chapulasitiki choonekera mkati, chatsopano, chimene sichinalowemo sopo, chigwira ntchito. Sopo ayi ndithu, azakhali, ngakhale pang'ono. Pochapa ndi madzi okha basi, ndipo wogwira m'madzimo asakhale atadzola mafuta m'manja.

Podikira chibokosicho, muzisintha theka la madzi a m'botolomo tsiku lililonse. Ikalowa m'chachikulu, nthawi ino ikudwalayi muzichotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu pakapita masiku awiri aliwonse, ikachira kamodzi pa sabata n'kokwanira. Musamakhuthule onse n'kuika atsopano okhaokha, imadzidzimuka. Ndipo pochotsa madziwo muzikoka apansi, kumene kwakhazikika zinyalala, kapaipi kakang'ono kamathandiza.

Apa mumvetsetse bwino. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, ndipo klorini amapha nsomba. Aja mumathira WaterGuard akumwa aja ndiye musayerekeze n'komwe, ndi abwino kwa ife anthu, kwa nsomba ndi poizoni. A pampopiwo muziwatunga m'ndowa yoyera, muwasiye osavundikira tsiku lathunthu, koma chodalirika kwambiri ndi timadontho tochotsa klorini timene amagulitsa m'masitolo a zinthu za nsomba zoweta. A pamjigo alibe klorini, mukhoza kuwagwiritsa ntchito. A mvula ochokera padenga la malata ayi, amatenga dzimbiri ndi zina za pamalatapo. Kaya wina akuuzani kuti katungeni ku Likhubula poti ndi oyera, amenewo ndi ozizira kwambiri ndipo simudziwa kuti mwatengamo tizilombo tanji. Madzi atsopanowo asanalowe, muviike chala uku ndi uku, kufunda kwake kufanane.

Nkhani ya kuzizirayi ndiyo ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa kwathu kuno ndi imene imatha nsombazi. Betta kwawo ndi ku Thailand ndi maiko oyandikana nawo, m'minda ya mpunga ndi m'madambo a madzi osaya, ofunda chaka chonse. Ku Thailand anachita kuisankha mu 2019 kukhala nyama ya m'madzi yoimira dziko lawo. Imafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28. Ndiye taganizani June ndi July wa ku Mulanje, chiperoni chikakuta phiri masiku angapo, anthufe tili m'majuzi, kabotolo kali pawindo usiku wonse. Madziwo amatsika kwambiri pansi pa 20. Nsomba ikazizidwa imangokhala pansi duu, zipsepse itazipinda, kudya sikufuna, chitetezo cha m'thupi chimatsika, mabakiteriya aja n'kuyamba ntchito. Munanena kuti masiku ano ikumangogona pansi, ine ndikuti kwakukulu ndi kuzizidwa kumeneko. Ifunika hita ya m'madzi yaing'ono, ya mawati 25, yodzizimitsa yokha madzi akafunda, pamodzi ndi kathemometa. Hitayo musaiike m'botolo la mayonezilo, idikire chibokosi.

Usiku uno muichotse pawindo, muiike m'chipinda chofunda, pamwamba, osati pasimenti. Mukulunge botololo ndi bulangete m'mbali. Magetsi akazima, ngakhale hita itabwera, njira ndi yomweyo, bulangete, kenako botolo lina la madzi ofunda lotsekedwa bwino muligoneke pambali mkati mwa bulangetemo. Musathire madzi otentha mwachindunji. Komanso musaiike padzuwa kuti iwothe, kabotolo kamatentha msanga masana n'kuzizira msanga madzulo, kusinthasintha kumeneko n'koipa kuposa kuzizira kokhazikika. Pamwamba muvundikire, chifukwa betta imadumpha, koma musiye mpata wa mpweya. Nsomba imeneyi ili ndi chiwalo china m'mutu chopumira mpweya wa kunja, n'chifukwa mumaiona ikubwera pamwamba kudzameza mpweya. Pamenepo musadabwe, ndi chibadwa chake.

Achimwene analemba m'gulu muno kuti muthiremo masamba a tiyi. Ndikudziwa kumene aitenga, anaona madzi a betta ofiirira m'mavidiyo, ndiye poti tiyi kwathu kuno ali pakhomo, akuti ndi yemweyo. Si tiyi ameneyo, achimwene. Ndi masamba ouma a mtengo wa catappa, umene ena amautcha Indian almond, amene amathandizadi pang'ono nsomba ikamachira. Tiyi wathuyu ali ndi kafeini, sayenera kulowa m'madzi a nsomba. Panado ayinso, makapisozi otsala m'kabati ayinso.

Mchere umathandiza, koma mwa muyezo. Sipuni yaing'ono ya tiyi imodzi pa malita 4 a madzi. Muusungunule kaye m'kapu, muthire pang'onopang'ono, osauwaza pa nsomba. Ukhale mchere wa nsomba zoweta, wopanda zosakaniza, osati wa kukhitchini wa ayodini uja. Posintha madzi muziwonjezera wa madzi okhawo amene mwachotsa, chifukwa mchere suuluka, mukamangothira tsiku ndi tsiku uchuluka. Ndipo musapitirire masiku 10, betta ndi nsomba ya madzi opanda mchere. Ukasowa musadandaule, madzi oyera ofunda paokha amachiza zambiri ngati matenda sanafike patali.

Tadala mumuuze asiye kuiponyera nyenyeswa za buledi ndi nsima. Ndikudziwa akuchita mwachikondi mwanayo, koma betta imadya tizilombo, zaufazo sizigayika bwino m'mimba mwake, zimangoolera pansi n'kuipitsa madzi. Timibulu ta chakudya chake tija, titatu m'mawa titatu madzulo, chotsala achotse. Mphutsi za udzudzu imazikonda kwabasi, mukazipeza m'chitini pabwalo muitolere zingapo, madzi otsalawo mutaye, tisaweterenso malungo pakhomo. Kagalasi koonera kaja amakaika pambali kuti aione ikutambasula zipsepse, akachotse kaye. Yamphongo ikaona chithunzi chake imayesa mdani, imalusa, zipsepse zodwalazo zimang'ambikira pomwepo. Ndipo isakhale ndi inzake m'menemo, awiri amphongo amamenyana mpaka kuvulazana kwambiri.

Muziijambula pakapita masiku atatu, mbali yomweyo, kuti tizifananiza. Ikayamba kuchira kuda kuja kumasiya kufalikira, kenako m'mphepetemo mumamera kachikopa kopyapyala koonekera mkati, kopanda mtundu. Ena amaopa kuti ndi matenda ena, koma chimenecho ndi chipsepse chatsopano. Mtundu umabwera pambuyo, ndipo kuti mchira ubwerere pamatenga masabata angapo, nthawi zina miyezi, mwina osafanana ndendende ndi poyamba. Tadala mumuuziretu zimenezo kuti asakhumudwe.

Koma mukaona kuti sabata yatha kuolako kukupitirira, kapena kwayandikira pathupi penipeni, kapena pamera zoyera ngati thonje, kapena nsomba yasiyiratu kudya, mundiimbire tsiku lomwelo. Pamenepo ndiye pafunika mankhwala enieni a nsomba, ndipo tidzasankha malinga ndi zimene zikuoneka, osangogula chilichonse.

Loweruka ndichoka kuno ku Bvumbwe kupita ku Blantyre, ndikayang'ana hita, themometa ndi timadontho ta klorini tija. Ndikazipeza ndidzazipatsira pa minibasi ya ku Mulanje, ndikuuzani nthawi yoti wina akadikire pasiteji. Inu mupeze chibokosicho, ndipo ndowa ya madzi muitunge lero lomwe kuti ikakhala tsiku lathunthu musinthe theka loyamba. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.