Msilikali wa tsidya linalo nayenso kwawo amamulira

Mnyamata wina wa ku Ndirande wandifunsa kuti: "Agogo, tinakangana titatuluka ku vidiyo. Filimu ya nkhondo inaonetsa msilikali wa adani akulira atagwira chithunzi cha mwana wake, anzanga n'kumati yaonongeka. Kodi mdani n'kumumvera chisoni?"

Mdzukulu wanga, phokoso lanu ndimalimva ndikamadutsa. Mwini filimu akangosolola mfuti, benchi yonse imaimirira, likhweru kuli konse, "Amalizeni!" Koma inu nomwe mukapeza masamba atayalidwa pamsewu ku Bangwe mumatsika njinga n'kuvula chisoti, osayamba mwafunsa ngati malemuwo munkamwerana nawo madzi. Imfa kwathu kuno siomberedwa m'manja, ndipo sindikuona chifukwa choti mwambowo uzithera pakhomo la vidiyo.

Tsono mdaniyo ndani? Mu Sepitembala 1914 Ajeremani anaukira Karonga kuchokera ku dziko lomwe lero ndi Tanzania. Azungu anali ochepa mbali zonse ziwiri. Ogwira mfuti ambiri anali anthu akuda, kuno asilikali a Mngerezi otchedwa King's African Rifles, uko asikari a Mjeremani. Malire ndi mtsinje wa Songwe, pomwe Angonde a tsidya lino ndi Anyakyusa a tsidya linalo amamvana chilankhulo bwinobwino. Pambuyo pa asilikali pankabwera amtengatenga, katundu pamutu, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Chaka chomwecho John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi a dziko lino akufera nkhondo yomwe si yawo. Mu 1944 ana a anthu omwewa anali m'nkhalango za Burma, kuomberana ndi anyamata a ku Japan omwe sanalandanepo nawo ngakhale nkhuku.

Wopanga filimu akakuonetsa nkhope ya msilikali wotere, wanena zoona. Amene amanama ndi uja amangogwetsa adani ngati mapesi, chifukwa amaphunzitsa ana kuti kupha n'kopepuka.

Komatu usandimve molakwa. Chisoni si chikhululukiro. Nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992 tinalandira othawa kwawo oposa miliyoni, ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza, ena atadulidwa makutu. Filimu yonena za nkhondo imeneyo ikabisa zimenezi pofuna kukometsera wochitayo, yatukwana olumalawo. Ionetse khutu lodulidwalo, ionetsenso kuti ena mwa ogwira zikwanje anali ana ochita kubedwa m'midzi n'kukakamizidwa. Yemwe ndilibe naye chisoni ndi wamkulu wolamula uja, amene ankagona pabwino ana a eni ake akutha.

Anzakowo usakangane nawo mokweza mawu, m'vidiyo anthu amalipira kuti amve. Mukatuluka, uwafunse ngati akudziwa komwe agogo a agogo awo anali mu 1914, ndiponso mbali yomwe anaikidwa.